Buluku Limene Ndinkang'amba Dala

Okondedwa Achemwali,

Landirani moni wanga ndi manja awiri. Muli bwanji kumeneko, inu, alamu ndi ana onse? Nanga Amayi akudzuka bwanji masiku ano? Munalemba kuti maso aja akunka nachita chifunga, moti ulusi sakuthanso kuulowetsa pasingano. Nanga miyendo, ikutupabe? Muziwakakamiza kumwa mankhwala. Musamamvere akati achira. Mukuwadziwa Amayi, amachira pakamwa pokha.

Kuno tikudzuka. Alamu anu ali bwino, akungodandaula msana pang'ono. Mwana wanu wamkazi wa kunoyu watalika mpaka wandipitirira, ndipo tsopano ndiye amandiuza mmene dazi langa likukulira, poti amaliona kuchokera pamwamba. Ine bondo lakumanzere lija limandikumbutsa zaka zanga ndikamakwera masitepe, koma ntchito ndikugwira. Denga la kuchipinda linayamba kudontha mvula yapitayi, bedi tinalisuntha kawiri, koma pano tinamata.

Kalata yanu ndinailandira masabata atatu apitawo. Musaganize kuti ndachedwa kuyankha chifukwa cha ulesi. Kawiri konse ndinakuimbirani foni kuti ndinene zimene ndilembe apazi, koma munamva nokha, tinangokamba za mvula ndi za mbuzi za alamu. Pafoni lilime langa limathawa. Ndiye ndati ndilembe, poti pepala silidula munthu mawu, ndipo ndikakaliponya kupositi sindingalibwezenso.

Ndibwereze zimene munalemba kuti muone ngati ndinamva bwino. Mwana wanu woyamba, Kalipentala wathu, wapeza mbeta ndipo akufuna kukwatira. Mtsikanayo ndi mwana wa Atelala, aja osoka pakhonde la sitolo. Amayi akana kwamtuwagalu, akuti iwo akadali moyo mwana wa mkazi ameneyo sadzaponda pakhomo pawo, pakuti make mbuu mwana mbuu. Mnyamata wasiya kubwera kudzaona agogo ake, salankhula, ndipo akuonda. Inu muli pakati, ndipo mukufuna kuti ine, monga malume ake komanso monga munthu amene Atelala anamulakwira, ndimulembere kuti asiye.

Achemwali, zimenezo sindimulembera. Khalani pansi ndikuuzeni chifukwa chake. Ndiyambira patali pang'ono, mundipirire.

Ntchito yanga pano payunivesite mukuidziwa, ngakhale Amayi amauza anthu kuti ndine mphunzitsi. Ndimasunga makiyi a zipinda zophunziriramo. Ndimatsekula m'mawa, kukonza mipando, kupukuta bolodi, kuyesa maikolofoni ngati ikulankhula, ndipo ophunzira akatuluka ndimatola zimene aiwala, maambulera, zolembera, tsiku lina nsapato imodzi. Pano ndikulemba ndili m'kachipinda kanga ka pansi pa masitepe, pakati pa matsache ndi ndowa, nthawi yopuma masana.

Chaka chino anayambitsa phunziro lachilendo, Lachitatu lililonse masana. Lilibe mayeso, koma ophunzira amabwera okha osawaitana. Ndi phunziro la kukanidwa. Musaseke, ngakhale inenso ndinaseka nditamva. Amaphunzitsa anyamata ndi atsikana zoyenera kuchita munthu akakukana chibwenzi, akakusiya, kapenanso amene uli naye kale pachibwenzi akakuuza kuti zogona nawe sakufuna. Ine ndinati ana a masiku ano afewa, zoterezi mpaka kuzikhalira padesiki?

Koma anzanga ogwira ntchito kunyumba zogona ophunzira anandiuza zimene amaona. Wina akakanidwa amadzitsekera m'chipinda sabata yathunthu, osasamba, osadya, mpaka mayeso kumudutsa. Wina amatukwana mtsikana pafoni, kumulembera zonyansa anthu onse n'kumawerenga. Wina amangokaima pakhomo la mnzake tsiku ndi tsiku ngati mlonda wosalembedwa ntchito. Nditamva za womalizayu ndinasiya kuseka, koma sindinafune kudzifunsa chifukwa chake.

Ophunzitsa ake ndi adokotala ena aakazi, a za maganizo osati a jakisoni. Ndi aafupi, amavala nsapato zafulati, ndipo salankhula mokweza, moti maikolofoni yanga ndiye amaidalira. Ophunzira anawapatsa dzina loti Mayi Ndamva. Tsiku loyamba anandipempha kuti ndiike mipando mizere iwiri yoyang'anizana, kenaka ndilembe mzere wa choko pansi, kuchokera pakati pa chipinda kukafika pakhomo. Ndinauyeza, ndi mapazi khumi ndi awiri. Pakhomopo ndimaikapo tebulo, botolo la madzi ndi makapu.

Sewero lake limayenda chonchi. Awiri amaimirira. Mmodzi amafunsira, winayo amakana, ndipo wokanayo sakakamizidwa kupereka chifukwa. Wofunsira uja amangoti zikomo, ndamva, n'kutembenuka, n'kuyenda pamzere wa choko mpaka pakhomo osacheuka, n'kumwa madzi, n'kubwerera pampando wake. Kenaka amasinthana. Atsikana nawonso amafunsira n'kukanidwa, ndipo musaganize kuti kwa iwo n'kopepuka. Ndinaona wina, wokongola ndithu, akuyenda pamzerepo akupukuta misozi, chikhalirecho akudziwa kuti ndi sewero chabe.

Mayi Ndamva sanamiza ana kuti kukanidwa sikupweteka. Amawauza kuti kumapweteka zedi, ndipo kulira si mlandu. Amati lira, samba, idya, pita m'kalasi, uza mnzako mmodzi amene sakakuseka, ndipo nambala ya foni ija uifufute usanailoweze. Amati kukanidwa ndi munthu mmodzi sindiko kuti ndiwe woipa kapena wopanda pake, kungoti munthuyo mtima wake suli kwa iwe. Koma amatinso ululuwo ndi katundu wako, usakautule pamutu pa amene wakukana. Okanawo nawo amawaphunzitsa kukana mosanyoza, mosaseka, komanso mosazengereza.

Tsiku lina mnyamata wa ndevu zongomera kumene anaimika dzanja. Anati kwawo anaphunzira kuti kanthu n'khama, mkazi salola tsiku loyamba, ndipo wobwerera pa ayi woyamba ndi wamantha. Anyamata anawomba m'manja. Ine ndili kumbuyo ndi kansalu kanga kopukutira ndinagwedeza mutu, poti nanenso ndinakula ndi nzeru yomweyo. Mayi Ndamva sanakwiye. Anangofunsa atsikana kuti ndi angati amene anayamba asinthapo njira yopita kukalasi pothawa munthu wakhama. Achemwali, manja anakwera pafupifupi onse. Mnyamata uja anayamba kuyang'ana nsapato zake.

Patapita masabata angapo, ophunzira anabwera makumi awiri ndi asanu ndi awiri, ndiye mmodzi anasowa mnzake wochita naye sewero. Anali mtsikana wa chaka choyamba, wa magalasi, woonda, wongoposa pang'ono mwana wanu wa kunoyu. Mayi Ndamva anandikodola, akuti bambo a makiyi tithandizeni. Ndinakana, ophunzira anakuwa, ndinangopezeka ndaima pakati ndi dazi langa. Poti ndine wamkulu, anati ndisafunsire, ndingomupempha kuti tikamwe tiyi limodzi. Mumtima ndinati izi n'zosavuta, mawu awiri okha, ndiwaonetse ana mmene akuluakulu amachitira.

Ndinapempha. Mtsikana uja anati pepani, ayi. Ndipo pakamwa panga, ine osafuna, panatuluka funso loti chifukwa chiyani. Ophunzira anafa nalo phwete. Nanenso ndinaseka, n'kupempha kuti tiyambirenso. Kachiwiri anati ayi, ine ndinangodzimva ndikumuuza kuti aganize bwino, ndibweranso mawa. Apa ena anachita kugwa pamipando, ankayesa ndikuchitira dala kuti ndiwaseketse. Sindinkachitira dala. Thukuta linali litayamba kutsika m'khosi.

Kachitatu ndinaluma mano, ndinati zikomo ndamva, n'kutembenuka. Ndinayenda mapazi anayi. Pa phazi lachisanu ndinacheuka, ndipo ndinaona chimene chandilembetsa kalatayi. Mwana uja sankasekanso. Anali atabwerera m'mbuyo, atakoka mpando n'kuuika pakati pa iye ndi ine, manja onse awiri atagwira chotsamira chake. Anali ndi mantha. Ankadziwa kuti ndi sewero, anzake ali pomwepo, dzuwa likuswa mtengo, koma mtundu wa munthu wosamva ayi anali ataudziwa kale kwinakwake.

Achemwali, kaimidwe kameneko ndinakazindikira. Atelala ankaima choncho kuseri kwa makina osokera, manja onse awiri atagwira tebulo, ine ndikamatulukira pangodya ya sitolo. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikunena kuti kunali kunyada. Lachitatu limenelo m'pamene ndinadziwa kuti ankandiopa.

Mzere uja ndinaumaliza, madzi ndinamwa. Mayi Ndamva anandithokoza, nauza ophunzira kuti bambowa atiphunzitsa kuposa buku. Onse atatuluka ndinatenga chokolopera kuti ndifufute choko chija, ndipo ndinapezeka ndakolopa malo amodzi nthawi yaitali. Kalata yanu inandipeza patangopita masiku awiri.

Tsopano imvani zoona zake za nkhani ya Atelala, poti zimene mukudziwa kumeneko ndi zimene ndinakuuzani ine.

Inu ndi Amayi mumadziwa kuti tinakhala pachibwenzi chaka chathunthu mobisa, kenaka ndinawapeza ndi dalaivala wa lole uja, mwamuna wa mwini, ndipo ndinachoka kwathu chifukwa chosweka mtima. Zonsezo ndi bodza. Atelala sanandilolepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinawafunsira koyamba, anandikana mwaulemu, anati amandilemekeza monga mlongo wa mnzawo koma mtima wawo suli kwa ine. Ine ndinati kanthu n'khama. Ndinalemba makalata, ankabwerera osatsekula. Ndinayamba kutuma moni kudzera mwa aliyense wopita kusitolo, azimayi, anzanga, ngakhale inu nomwe kawiri, inu osadziwa chimene mwanyamula.

Mukukumbukira buluku langa lakhaki lija, limene Amayi ankadabwa kuti likung'ambika bwanji sabata iliyonse? Inu munkati ndili ndi minga m'matako. Ndinkaling'amba ndekha. Ndinkakhala kuseri kwa nyumba ndi lumo, lero thumba, mawa mpendero, mkuja ndadula batani, kuti ndipeze chifukwa chokaimira pamaso pawo. Iwo ankasoka osadzutsa mutu, chifukwa bambo awo, eni makinawo, sankalola kubweza kasitomala. Ine ndinkaima pamenepo kuwayang'ana mpaka amalize, n'kumati chimenecho ndiye chikondi. Buluku lija linatha ndi zigamba, panalibenso poti n'kung'amba.

Tsiku lomaliza ndinapita nalo nditadula mabatani onse. Analilandira, nalipinda bwinobwino osalisoka, n'kundibwezera. Panali azimayi atatu akudikira zovala zawo. Anandiuza kuti ndisadzabwerenso, ndisadzalembenso, ndipo moni wanga ndisadzatumenso kudzera mwa munthu aliyense, chifukwa wawakwana. Mmodzi wa azimayi aja anaseka. Kuseka kumeneko n'kumene kunandipsetsa mtima. Ndinafika kunyumba maso ali psuu, Amayi anandifunsa chavuta n'chiyani, ndipo kunena kuti mkazi wandikana kunandilemera kuposa kunama. Dalaivala uja ndinamutchula chifukwa lole yake inali itaima pasitolo tsiku limenelo, basi. Sindikudziwa ngati awiriwo anayamba apatsanapo moni n'komwe.

Zotsatira zake munaziona ndi maso anu kuposa ine amene ndinathawa. Amayi anaimira kumbuyo mwana wawo monga mayi aliyense akanachitira. Nkhani inayenda. Azimayi anakatenga nsalu zawo zisanasokedwe. Kukwaya anawauza Atelala kuti ayambe apuma. Mkazi wa dalaivala anakawatukwana pakhonde pomwepo, anthu akuonerera. Mphunzitsi uja amene ankafuna kuwakwatira anasintha maganizo. Inu nomwe, amene munkakhala nawo benchi imodzi kusukulu ndi kulukana tsitsi Loweruka, munasiya kuwapatsa moni chifukwa cha ine. Ndinakulandani mnzanu, ndipo simunadandaulepo. Patatha miyezi iwiri ndinakwera basi. Sikunali kusweka mtima, Achemwali. Ndinkalephera kudutsa pasitolo paja ndi kumva makina ali chete.

Ndinkati zinatha, poti pambuyo pake anakwatiwa, nabereka, makina n'kuyambanso kulira. Ndikabwera kudzakuonani ndinkazungulira njira yakumunsi, inu n'kumandimvera chisoni kuti ndikupewa chilonda. Koma amati choipa chitsata mwini, ndipo changa chalakwitsa khomo, chakatsata mwana wanu amene nthawi imeneyo anali akukwawa.

Oyamba kuwauza zoonazi anali alamu anu. Tinkayanika zovala Loweruka m'mawa. Anamvetsera mpaka kumapeto, malaya onyowa ali m'manja, madzi akudonthera pamapazi awo. Kenaka anayanika malayawo n'kulowa m'nyumba. M'mawa mwake anandifunsa ngati ndikukumbukira kuti iwo anandilola pa tsiku lachingati. Ndinati loyamba lomwe. Anati nanga, munthu akakufuna zimavuta pati? Anatinso andikwiyira chifukwa cha mayi amene sanamuonepo, ndipo mkwiyowo suwathera msanga. Koma pepala limene mukuwerengali ndi cholembera chake anandiikira m'chikwama ndi iwo omwewo.

Lachitatu lotsatira Mayi Ndamva anauza ophunzira kuti aliyense alembe kalata kwa amene anamukana, alembe zonse zakukhosi, koma asaitumize. Makalatawo amaponya m'katoni, ndipo ntchito yokawaotcha ndi yanga. Sindiwerenga, musade nkhawa. Nanenso ndinakhala kumbuyo n'kulemba yanga kwa Atelala, masamba anayi, koma sindinaiponye. Ndinkafuna kuitumiza.

Ophunzira atatuluka ndinawafotokozera adokotalawo nkhani yonse, uku ndikukulunga waya wa maikolofoni kuti ndisawayang'ane kumaso. Sanandisisite, koma sanandiponderezenso. Anandifunsa chimene ndikufuna kuti Atelala achite akaiwerenga. Ndinati andikhululukire. Anati ndiye kuti ndikupitanso ndi buluku long'ambika kuti akandisokere. Mawu amenewo analowa. Anati bodza ndinalidzala kwa Amayi, ndiye ndikalizule komweko, Atelala ndiwasiye apume. Kalata ija ndinaiotcha pamodzi ndi za ana, kuseri kwa nyumba yosungira mabuku, ndikutakasa ndi kamtengo.

Lachitatu lapitali ndinafuna kukonza manyazi anga. Ophunzira asanakwane ndinapita kwa mtsikana wa magalasi uja, ndinaima patali, ndinamupepesa chifukwa chomuopseza, n'kumufunsa ngati angalole kuti tibwereze sewero lija kuti ulendo uno ndikhoze. Anandiyang'ana, anaganiza pang'ono, n'kunena kuti kupepesako walandira, koma kubwereza ayi, sakufuna. Limeneli silinali sewero. Ndinamva funso lija likukwera kukhosi ngati kale, ndinalimeza. Ndinati zikomo, ndamva. Choko ndinali ndisanalembe, koma mapazi ndinawawerenga mumtima mpaka pakhomo, khumi ndi awiri, osacheuka. Palibe anawomba m'manja, poti palibe ankaona. Ndinakaima pakhonde, munthu wa imvi, ndipo sindinafe.

Pempho langa ndi limodzi. Muwawerengere Amayi kalatayi, yonse, mokweza, osadumpha za buluku, osafewetsa pena paliponse. Ndikukudziwani, mudzafuna kunditchinjiriza monga munkachitira tili ana, pamene munkavomera milandu yanga kuti ndisakwapulidwe. Ulendo uno musatero. Kalipentala akhalepo, amve yekha kuti malume ake ndi munthu wotani. Ndipo wina aliyense akadzafunsa, muuzeni, musabise. Dzina langa lakhala pamthunzi nthawi yaitali pamene la wina likupsa ndi dzuwa. Kwa amene akadali moyo mwa aja anamva bodzali, ndikabwera ndidzanena ndi pakamwa panga.

Amayi, tsopano ndikulankhula ndi inu, poti ndikudziwa kuti mwakhala pampando wanu uja ndipo mukumva. Simunalakwe kundikhulupirira. Munaona mwana wanu akulira, munafunsa, iye n'kukunamizani. Mwadana ndi munthu wosalakwa zaka zonsezi chifukwa chondikonda ine, ndipo chimenechi n'chimene chikundiwawa kuposa zonse. Mayi amene mukumunenayo analibe mwamuna wa mwini. Anangokana munthu amene sankamufuna, ndipo anakana mwaulemu mpaka pamene ulemu unamuthera. Ngati mwana wake watengera make, ndiye kuti mdzukulu wanu wapeza mkazi amene akati inde, ndi inde weniweni. Mutsekulireni chitseko, Amayi. Mlandu ndi wanga, usagwere ana.

Mukandikwiyira, kwiyani, ndi zoyenera. Mukati tchuthi chikubwerachi ndisaponde pakhomo panu, ndidzati ndamva, ndipo ndidzadikira mpaka mudzandiitane nokha. Koma mankhwala muzimwabe, musandilange ndi miyendo yanu.

Iwe Kalipentala, pepa mphwanga. Waonda chifukwa cha lumo limene ndinagwira iwe ukukwawa. Idya, samba, pita kuntchito. Ngati mtsikanayo anakulola ndi mtima wake, usamusiye chifukwa cha ine. Amayi ake akachedwa kutilandira, usawadabwe ndipo usawathamangitse, ali ndi chifukwa. Ndipo tsiku lina mkazi wakoyo akadzati ayi, pa chachikulu kapena chaching'ono, ngakhale muli kale m'nyumba, udzamve pa ulendo woyamba. Matebulo umapanga abwino, limene unandipatsa lija silinagwederepo mpaka lero.

Achemwali, inu sindidziwa kuti ndikupepeseni bwanji. Ngati mtima ukukuuzani kuti mukaone mnzanu wakale uja, pitani m'dzina lanu, osati langa. Akakulandirani, mudzandiuze kuti ndikondwere. Akakubwezani, musaumirire, ndipo musandinenerere.

Belu lalira, ndikatsekule chipinda chapamwamba ophunzira asanayambe kugogoda. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mbuzi zija ndinazikamba kwambiri pafoni chifukwa cha mantha, si kuti ndikuzifuna. Moni kwa azakhali, kwa achimwene aang'ono ndi akazi awo, kwa ana onse mmodzimmodzi, ndi kwa khanda limene sindinalione. Alamu anu ndi mwana wanu kuno akupereka moni kwa nonse, makamaka kwa Amayi.

Kwa Atelala musandiperekere moni. Anandiuza zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo kuti ndisadzatumenso, ndipo ndamva.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
uja munkamutcha Nkhutukumve.